Munthu wa Tayi pa Makina a ku Limbe

Abale anga, ndikuona ena mwayamba kale kusuzumira kumwamba kuopa mvula, ndiye sindizungulira. Amene simundidziwa, ndine Fakisoni Namaona, mkamwini wa kuno ku Chiringa, kwathu kobadwira ndi ku Kaduya. Amene mumandidziwa, ena mwa inu munandizulapo m'ngalande nditaledzera, ndipo sindichita kubisa. Abusa andipempha kuti ndiime pano chifukwa Disembala wafika, ndipo ambiri mwa inu tsopano muli ndi makhadi a ku banki: aphunzitsi, alimi a fodya, ndi inu amene ana anu amakutumizirani kangachepe kuchokera ku Joni. Sabata ya mawa muyamba kukwera minibasi kupita m'tauni. Musanakwere, mumve zanga.

Ine ndinagwira ntchito yoyendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi ku Mulanje mpaka imvi kumera. Popuma, mabwana anati ndalama za penshoni sakuperekanso m'manja, aliyense atsegule akaunti. Nthawi imeneyo makhadiwa anali atangofika kumene. Anandipatsa langa, pamodzi ndi nambala yachinsinsi, ndipo ndinkadzimva ngati bwana ndithu. Tinakhala pansi ndi akazi anga, a Elube, amake Tamala, n'kupangana: ndalama izi ndi za feteleza, za malata, ndi za fizi ya Tamala amene anali ku sekondale yogonera komweko. Nambala ija ndinawauza ndekha. Ndinati, "Moyo sudziwika. Ndikadzagwa mwadzidzidzi musadzavutike."

Kuno makina otapira ndalama kunalibe. Munthu unkachita kupita ku Limbe. Ndiye sabata ya Khirisimasi ndinalawira, kuti ndikatape zochepa zogulira mpunga, mafuta ndi nsapato za mwana.

Limbe ya tsiku limenelo sindidzaiiwala. Boma linali litalipira anthu msanga, makampani chimodzimodzi, ndiye aliyense anali pa banki. Mzere wa pa makina unachita kukhota mpaka kuseri kwa sitolo. Dzuwa likuswa mtengo, kummawa mitambo yakuda ikusonkhana, ine mtima uli pa minibasi ya kwathu, poti mukudziwa msewu wathu mvula ikagwa umakhala bwanji. Nditafika kutsogolo ndinapisa m'thumba kufuna magalasi. Mulibe. Ndinawasiya pawindo kunyumba.

Ndinalowetsa khadi. Zilembo za pa galasi la makina zinkangooneka ngati nyerere zikuyenda. Ndinadina apa, ndinadina apo, khadi n'kutuluka popanda ndalama. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza.

"Madala, ngati simutha tapatukani, ena tili ndi zochita!"

Thukuta linayamba kutsika. Ndinalowetsanso, chimodzimodzi. Apo ndi pamene ndinamva mawu ofatsa pambali panga.

"Pepani bambo, musadandaule nawo awa. Makinawa akuvuta kuyambira m'mawa."

Anali munthu wamkulu bwino, malaya oyera ositidwa, tayi, ndi kachingwe m'khosi konga kamene amavala ogwira ntchito m'maofesi. Sananene kuti ndi wa pa banki. Ndine ndinadziuza ndekha. Atamva mmene ndimayankhulira anamwetulira.

"Kwanu ndi ku Phalombe, eti? Ndamva lilime. Ine mayi anga ndi a ku Migowi."

Abale, mtima wanga unagwa pansi pomwepo. Pakati pa anthu onse onditukwana aja, ndapeza mwana wa kwathu.

"Khadi lanu lachita fumbi," anatero. "Tabweretsani."

Ndinapereka. Analipukuta pa malaya ake, n'kulilowetsa yekha. "Tsopano ikani nambala yanu. Ine ndayang'ana kumbali." Ndinadina pang'onopang'ono, chala chimodzi, ngati mwana wa sitandade wani. Sindinaphimbe. Ndikanaphimbira ndani, munthu akundithandiza? Makina analira, ndalama n'kutuluka. Iye anasolola khadi, ine maso ali pa ndalama, n'kundiikira m'dzanja.

"Bisani msanga bambo, muno muli akuba."

Ndinamuthokoza ndi manja awiri. Ndinafuna kumupatsa ya fanta, anakana. Ndinalowetsa khadi m'kachikwama kake kapulasitiki n'kuthamangira basi. Nditafika kunyumba ndinalipereka kwa amake Tamala, iwo n'kulitsekera m'sutikesi mmene ankasunga zitenje zawo za ku tchalitchi. Khirisimasi tinadya bwino.

Itangopita Khirisimasi kunabwera uthenga woti mlamu wanga, a Witinesi, mchimwene wawo wa akazi anga, agonekedwa m'chipatala ku Blantyre. Amake Tamala anapita kukawadwazika, n'kubwerako Nyuwere itadutsa. Musunge zimenezo.

Januwale, chimanga chikufuna feteleza wachiwiri, sukulu ikutsegulidwa, ndinatenga khadi m'sutikesi muja n'kubwerera ku Limbe. Ulendo uno magalasi ndinali nawo, koma khadi sindinaliyang'ane n'komwe. Ndinalowetsa. Makina anangoti tswii, khadi osatulukanso. Ameza.

Ndinalowa m'kati. Mayi wina wa pa kauntala anandifunsa dzina ndi chiphaso, n'kuyang'ana pa kompyuta. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Bambo, mu akaunti mwanu mwatsala zochepa kwambiri. Zakhala zikutapidwa tsiku ndi tsiku, kuno ku Limbe ndi ku Blantyre, mpaka Nyuwere. Zina anagulira katundu m'masitolo."

M'makutu mwanga munangolowa mawu awiri: Blantyre, Nyuwere. Ndani ankasunga khadi? Ndani ankadziwa nambala? Ndani anali ku Blantyre masiku amenewo?

"Takhalani pansi bambo," anatero mayi uja. "Dikirani atsegule makinawo tione khadi lanulo, pali zina zoti tifufuze."

"Palibe chofufuza," ndinatero ine. "Wakuba ndikumudziwa. Ndimagona naye nyumba imodzi."

Anandiitana mpaka pakhomo. Sindinacheuke.

Kutsetsereka kwanga kunali kofulumira. Ndinafika kunyumba nditadutsira kale pa kachasu. Amake Tamala ndinawapeza akupalira nandolo kuseri, ndipo ndinawatcha mbava anthu akumva. Ndinati ndalama zanga zalipirira matenda a mchimwene wawo. Iwo anagwetsa khasu n'kundiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Bambo a Tamala, khadi lanu sindinalikhudze. Makinawo sindidziwa n'komwe polowetsera."

"Nanga linayenda lokha?"

Ankhoswe anabwera, ine osamva. Abusa anabwera, ine n'kutulukira khomo la kuseri. Ndinakatenga katapila kwa munthu wina wa pa msika uja kuti ndigulire feteleza, theka lake n'kuthera pa mowa ndisanafike ku sitolo. Chimanga chinachita chikasu tikuona. Ndinagulitsa njinga kuti ndibweze katapila, osakwana. Tamala anamubweza ku sukulu chifukwa cha fizi, anafika ndi sutikesi pamutu, ine n'kumuuza kuti, "Kafunse amako." Mawu amenewo mwana wanga anawamva kuchokera pakamwa panga.

Kenako a Witinesi, atangotuluka m'chipatala, thupi likadali lofooka, anabwera ndi ndodo yawo kudzandiyankhula mwaulemu. Anati, "Alamu, ine m'chipatala cha boma sindinalipire kanthu. Tiyeni tikhale pansi." Ine ndinali nditamwa. Ndinawakankha. Anagwera pa mwala wa pakhonde n'kuthyoka mkono.

Ndinagona m'chitokosi ku polisi, pa simenti, pafupi ndi chidebe. Anandimasula chifukwa a Witinesi eni ake anakana kupitiriza mlandu. Koma nditabwerera kumudzi ndinapeza bulangete langa ndi zovala zili m'thumba la feteleza pansi pa mtengo wa mango. Mkamwini sachita kuuzidwa kawiri. Ndinanyamula n'kupita kwa mlongo wanga ku Kaduya, ine munthu wa imvi, kukagona m'khitchini ndi nkhuku. Kumeneko ndinkamwa chilichonse chimene munthu wandigulira, ndipo aliyense wondigulira ndinkamulipira ndi nkhani ya mkazi wanga wakuba.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinali nditakhala pa benchi pa malo omwera mowa, ndinaona anzanga onse akuyang'ana kumbuyo kwanga. Nditatembenuka, amake Tamala ataima poteropo, atavala chitenje cha ku tchalitchi, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Anali atawonda. Sanalowe pabwalopo.

"Bambo a Tamala, tabwerani kuno."

Anzanga anayamba kuseka. Ine ndinadzuka mwamatama.

"Mwabweretsa ndalama zanga?"

"Ndagulitsa mbuzi yanga," anatero. Mawu awo sanakwere. "Ya basi ya anthu awiri ndili nayo. Mawa tikupita ku Limbe, ku banki konko. Akakanena kuti ndine ndinatapa, polisi ili pafupi, mukandipereke nokha. Koma sindifa ndi dzina la mbava. Ku chigayo akazi anzanga amabisa zikwama ndikafika."

"Ndikakana?"

"Mukakana ndiye kuti mukuopa ndinu."

Anatero anthu onse akumva. Ndikanakana bwanji?

M'mawa mwake tinakumana pa siteji. M'minibasi anatipanikiza mpando umodzi, phewa ndi phewa. Ine mowa unali utatha m'mutu. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawanene akagwidwa. Koma penapake ndinayamba kukayika, chifukwa wakuba sagulitsa mbuzi yake kuti akadzigwiritse.

Tinapeza mayi yemwe uja. Anandizindikira ndisanatsegule pakamwa.

"Ndinu bambo munathawa aja. Takhala tikukusowani, foni mulibe." Anayang'ana akazi anga. "Awa ndi mayi a kunyumba?"

"Ndine amene akuti ndinaba," anayankha okha amake Tamala.

Anatilowetsa m'kachipinda, n'kutuluka, n'kutisiya awiri. Munali wotchi ya pakhoma, ndipo ndinkaimva kugunda kwake ngati ili m'chifuwa mwanga. Atabwerera anali ndi envulopu. Anatulutsamo khadi n'kuliika patebulo.

"Ili ndi limene makina anameza tsiku lija. Valani magalasi anu muwerenge dzina."

Mtundu wake unali womwewo. Chizindikiro cha banki chomwecho. Ndinalinyamula, ndinaliyandikitsa. Dzina linali la munthu wamkazi amene sindinamumvepo chibadwire.

"Si langa ili," ndinatero.

"N'chifukwa chake makina analigwira. Mwini wake anabedwa kale, anadzatiuza, tinalitseka. Ndiye tandiuzani, bambo, khadi la munthu ameneyu linafika bwanji m'thumba mwanu? Alipo anakugwirirani khadi pa makina?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi. Koma apo ndinakumbukira. Ndinaona malaya oyera aja. Ndinaona dzanja likupukuta khadi, ndinaona maso anga ali pa ndalama, ndinamva, "Bisani msanga bambo."

"Anali wa pa banki pano," ndinatero. "Anavala tayi. Mayi ake ndi a ku Migowi."

Mayi uja anapukusa mutu. "Ife sitiika munthu panja wogwira makhadi a anthu. Kwa mayi amene dzina lawo lili apawo, munthu yemweyo anati kwawo ndi ku Ntcheu." Kenako anatembenuza kompyuta kuti tione. "Kutapa koyamba kunachitika tsiku lomwelo munabwera inu, masana omwewo. Mwina n'kuti musanafike n'komwe pa depoti."

Tsiku limenelo, abale anga, amake Tamala anali kuno ku Chiringa akusenda chinangwa, akudikira mwamuna wawo abwere ndi mpunga. Chimene anasunga m'sutikesi mwawo mosamala chonchija chinali chinyalala cha wakuba, chimene ndinawapatsa ndi dzanja langa.

Sindinathe kuwayang'ana. Ndinkangoona mapazi awo pansi pa tebulo, matope atauma m'zala. Ndinkadikira kuti alire, kapena anditukwane, zikanandipepukira. Iwo anangofunsa mayi uja kuti, "Mungandilembere kakalata kosonyeza zimenezi? Ndikufuna akawerenge ankhoswe." Atalandira anapinda, n'kudzuka, n'kutuluka.

Ndinawapeza panja. Ndinagwada pa simenti pomwepo, anthu a pa mzere akuonerera.

"Amake Tamala, ndalakwa."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi kachiwiri," anatero. "Ndalamazo sindikuzilira, bambo a Tamala. Ndakhala nanu kuyambira muli ndi buluku limodzi. Munthu simunamuonepo munamupatsa khadi m'manja, ine simunandipatse ngakhale khutu. Mbava munanditchera pabwalo. Zopepesa zanu mukanenere pabwalo pomwepo."

Ndalama sizinabwerere, ndinene zoona, musamayembekezere kuti nkhaniyi ithera pamenepo. A banki anati nambala ndinaionetsa ndekha. A polisi analemba, koma munthu uja sanapezeke. Mayi uja anandiuza chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero: makina salola kutapa zonse tsiku limodzi, n'chifukwa chake wakubayo ankabwera tsiku ndi tsiku. Ndikanangowerenga dzina pa khadi madzulo omwe aja, n'kubwerera m'mawa kukatseketsa, zambiri zikanapulumuka.

Kubwerera kwanga kunali kwa pang'onopang'ono. Ndinayamba ndi pabwalo paja. Anasonkhana ankhoswe, abale a akazi anga ndi anthu oyandikana nawo, ine n'kuima n'kunena kuti mkazi uyu sanabe, wopusa ndinali ine. Ndinapita kwa a Witinesi. Mkono wawo sunawongoke bwino mpaka pano, ndiye munda wawo ndimalima ndine chaka chilichonse, ndipo sindiyembekezera kuti andithokoze. Kunyumba sanandilandire tsiku lomwelo ayi. Ndinakhalabe ku Kaduya mpaka kukolola, ndikuyenda wapansi kudzagwira ntchito m'munda mwa akazi anga ngati waganyu, madzulo n'kubwerera. Wa katapila uja ndinapita kukakumana naye ndili ndi mboni, tinagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime, ndinabweza ndi nandolo ndi maganyu okonza njinga ndi zigayo. Mowa sindinasiye kamodzi. Ndinagwanso kawiri konse, mpaka ndinaphunzira kuti benchi lija ndisamalidutse n'komwe, ndizizungulira njira ya kumtsinje. Tamala anabwerera ku sukulu chaka chotsatira, anzake atamupitirira. Anatenga nthawi kuti ayambenso kundiseka nthabwala.

Ndiye inu amene mukupita m'tauni mwezi uno, ndimvereni ine amene ndinalipira sukulu yake modula. Khadi lanu lisachoke m'dzanja lanu. Kaya munthuyo wavala tayi, kaya kolala ya ubusa, kaya akuyankhula Chilomwe chokoma kuposa cha amayi anu, mukaneni. Makina akakuvutani, tulutsani khadi, lowani m'kati, kaimeni pa mzere wa pa kauntala. Akutukwanani a kumbuyo? Atukwane. Kutukwanidwa sikuthyola fupa. Anthu amenewa amadikira nthawi ya chikondwerero dala, chifukwa amadziwa kuti mizere ndi yaitali, tonse tili pa changu, ndipo ife a kumudzi timachita manyazi kuoneka osadziwa. Manyazi amenewo ndiwo amadya.

Poika nambala phimbani ndi dzanja linalo, ngakhale kumbuyo kuli mbale wanu. Nambalayo musailembe pa khadi kapena pa kapepala kokhala m'chikwama chomwecho. Ndipo musanachoke pa makina, werengani dzina pa khadi limene lili m'manja mwanu. Amene maso kapena sukulu inakuvutani, chitani zimene anandichitira amake Tamala: pa khadi langa latsopano anaika kadontho ka utoto wa m'zikhadabo pakona, kofiira, koti ndikaone ngakhale ndaiwala magalasi. Ngati n'kotheka pitani kumayambiriro kwa mwezi kusanadzaze, ndipo pitani awiri. Khadi likasowa, likamezedwa, kapena mtima ukangokayika, musakwere basi. Lowani m'kati nthawi yomweyo akalitseke, ndipo akamakufotokozerani khalani pansi mumve mpaka amalize.

Koma mwina pano pali wina amene zamuchitikira kale. Mwina mwakhala chete chifukwa cha manyazi, kapena m'mtima mwanu mwaloza kale chala mkazi wanu, mwana wanu, mlamu wanu. Musanatsegule pakamwa kunyumba, kafunseni ku banki. Ngati mukuopa kupita nokha, Lachiwiri ine ndi amake Tamala tikupita ku Limbe, tidzakhala pa siteji m'mawa. Simudzachita kutifotokozera kanthu, mudzangokwera nafe. Amake Tamalawo ndi awo akhala kumbuyoko, avala duku lobiriwira. Andiuza kuti ndisawaimiritse, ndiye sindiwaimiritsa. Masiku ano akanena, ndimamva.